Modi yochotsa mbozi

Ndimaionabe thirakitala yofiira ija ikuyenda pagalasi la laputopu, pakhonde pa agogo ku Chiwalo, ine nditaima kumbuyo ndi chidebe cha phulusa m'manja. Chinali chaka cha mbozi. Makolo anga atamwalira ndinatsala ndi agogo okha, ndipo m'mamawa uliwonse tinkayenda mzere ndi mzere, kutapa phulusa losakaniza ndi mchenga n'kuthira pamtima pa chimanga chilichonse, mame akuzizira m'miyendo, zala zikung'ambika.

Patchuthi cha Khirisimasi amalume anabweretsa mwana wawo Madalitso kuchokera ku Blantyre kuti adzatithandize. Koma atamuona akusewera gemu yaulimi, anauza agogo kuti mwanayo akuphunzira ulimi wamakono, asamamusokoneze. Agogo, amene ankaopa mwana wawo wapantchitoyo, anangoti, "Chabwino, bambo."

Ine Madalitso sankandilola kukhudza laputopu yakeyo, ati manja anga ndi aphulusa. Ndinkangoyang'ana. Ankapalasa njinga mpaka ku Migowi kukatchaja ndi kukatenga pa intaneti zimene ankazitcha mamodi, timafayilo towonjezera zinthu m'gemu: ina yobweretsa thirakitala yaikulu, ina yochotsa udzu ndi tizilombo. Ndinaona kuti iliyonse ankaikopera m'foda imodzi yomweyo osaimasula, kenaka n'kuichonga gemu isanayambe.

Tsiku lina modi yochotsa tizilombo inakana. Anatukwana, anamenya mpando, nkhomaliro anaisiya. Ine ndinali nditaona kuti waiponya m'foda yolakwika. Ndinalimba mtima n'kumuuza kuti ndimukonzera bola mawa lake atithandize mbali ya kumunsi kwa munda, kumene tinali tisanafike. Analumbira. Ndinasamba m'manja kawiri, ndinasuntha fayiloyo, ndipo munda wake wa m'gemu unayera, wopanda kachilombo ndi kamodzi komwe.

Kutacha anati phulusa limamutsokomoletsa. Agogo anandiletsa kumukumbutsa. "Mlendo sagwira khasu, mwanawe." Ndinafuna kufunsa kuti nanga mbale amaigwira bwanji, koma ndinameza mawuwo, poti mwana wamasiye sayankha.

Kumunsi kuja tinafikako patapita masiku anayi, masamba atabooka ngati sefa. Chaka chimenecho ufa unatithera mvula isanagwe, tinkagonera maungu ouma ndi nandolo, pamene Madalitso ankauza anzake m'tauni kuti kumudzi anakolola zodzaza nkhokwe. Gemu ija sindiikwiyira. Chimene chimandiwawabe mpaka lero n'chakuti akuluakulu anayang'ana ana awiri, wina akulima pagalasi, wina m'dothi, n'kugwirizana kuti wosayenera kusokonezedwa ndi wapagalasiyo.