Tsiku Limene Ndinabaya Felesta

Ndinamuona Felesta ndikuyanika zovala, mpanda wathu ndi waufupi. Anali atakhala pa sitepe kuseri kwa nyumba yawo, atapinda bulauzi, jakisoni ali m'manja. Amati akamufikitsa pamimba, n'kubweza. Kufikitsa, kubweza. Ine ndimadwala shuga, ndimadzibaya tsiku lililonse, ndiye woopa singano ndimamudziwira patali.

Felesta ameneyu kwawo ndi ku Ntcheu, kwa mayi ake anabadwa yekha. Anabwera kuno kunja, ku Bentley, kudzaphunzira za nthaka. M'mawa amakalongedza masamba m'makatoni ku Canning Vale, masana sukulu. Zaka 29, sanakwatiwe. Amuna anawakana onse, ati ndimalize kaye.

Ndinazungulira pageti.

"Iwe, ukudzibaya chiyani?"

"Amayi, chonde musauze munthu." Anatsitsa jakisoni uja. "Andipeza ndi khansa ya m'bere. Mankhwala ake akuti akhoza kundiphera mazira, osadzabereka. Ndiye akufuna achotseko ena awasunge mozizira. Koma ndiyambe ndadzibaya masiku khumi ndi awiri kuti akhwime. Ndikapanda kuyamba lero, basi. Khansayo sidikira."

"Mazira a munthu kusunga ngati nyama? Nanga bambo wake ndani?"

"Adzapezeka. Ngati ndidzakhalepo."

Zoti kutchalitchi angati chiyani sindinaganizenso. Pepala lakuchipatala linali la Chingerezi, ine ndinangoona zithunzi. Ndinati iwe tchera mlingo wake wekha, kubayako ndisiyire.

Dzanja langali labaya zaka khumi osagwedezeka. Koma tsiku limenelo jakisoni ndinamugwira ngati koyamba. Ndimati ndikapinda singano, ndikataya mankhwala, ndamuphera ana mwana wa eni, mayi ake ali ku Ntcheu osadziwa kanthu.

"Tsina apa. Yang'ana kumpanda uko."

Ndinabaya, ndikuwerenga chamumtima mpaka khumi.

"Amayi, mwabaya kale?"

"Ukufuna ndibwereze?"

Anaseka pang'ono, kenako analira atandigwira chitenje.

Kumpanda ndinamulozera kuja kunali maso. Mayi Kasonde, aneba athu a ku Zambia, anaona zonse. M'mawa mwake ndikutulutsa bini ndinawapeza pamsewu ndi Lenia wa kukwaya, andidikirira. Mayi Kasonde ndiwo anayamba.

"Amai, uja mwana munamulasa nyeleti ya chani? Ali na mimba?"

Ndinati, "Ndinamubaya dzulo, ndimubaya lero, ndi mawa, mpaka masiku akwane. Wofuna kudziwa zambiri apinde bulauzi ndiyambe ndamubaya."