Thumba la Anthu Amantha

Pyo Mal-sun anawotcherera zitsulo za sitima zapamadzi ku Geoje zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pakamwa pake pankatentha kuposa moto umene ankagwira. Mwamuna wake, Gil-su, ankayendetsa takisi, munthu wofatsa moti mpaka ankatopetsa. Anali ndi mwana mmodzi, Hye-rim.

Chaka chimene maoda a sitima anachuluka, aliyense pantchitopo anapenga ndi masheya. Pa nkhomaliro anthu ankaiwala supu, maso ali pafoni. Onse ankagula thumba limodzi lomwelo la masheya, la makampani opanga sitima okhaokha. Kugula lina kunali ngati kunyoza mbale imene ukudyera.

"Asisi, sitimazi tikupanga ndi manja athu," anatero Ok-ja, mnzake wopaka penti. "Wa kubanki angatiuze chiyani ife?"

Mal-sun anafika kunyumba mtima uli dyokodyoko. Ndalama zimene anasunga moyo wawo wonse ankafuna kuziponya mmenemo. Gil-su anamvetsera kwinaku akusenda adyo.

"Amake Hye-rim, malipiro anu amachokera kuti?"

"Kusitima. Mukufunsa ngati mlendo bwanji?"

"Nanga okwera takisi yanga? Nanga mtengo wa nyumba ino? Sitima zikadzatsokomola, tonse m'nyumba muno chifuwa. Zosungazi tigulire thumba lalikulu lija, la makampani onse a m'dziko muno. Muli a mafoni, a mankhwala, a zakudya, ndi sitima zanuzo zilimo pang'ono."

"Thumba la amantha limenelo! Limakwawa ngati nkhono."

"Ee, ndine wamantha. Munandikwatiwa mukudziwa."

Anakangana sabata yathunthu. Mal-sun anagonja chifukwa chotopa, osati kumvetsa ayi. Ndiye zaka ziwiri zotsatira, mayo ine, Gil-su anaziona! Thumba la Ok-ja linkakwera ngati likuthamangitsidwa, lawo likuyenda mwaulemu. Ok-ja anagula galimoto. Mal-sun ankamupakulira mwamuna wake mpunga mosamuyang'ana n'komwe.

Kenaka maoda anauma. Ntchito ya Mal-sun inatha, takisi inkazungulira tauni yopanda munthu, mitengo ya nyumba inagwa chagada. Thumba la sitima linatsika mpaka anthu analeka kutsegula mafoni. Ndipo mwezi womwewo madokotala anapeza chotupa m'mapapo a Gil-su. Zinafika pa mwana wakana phala.

Anzake a Mal-sun anabalalika kukasaka maganyu m'mizinda yakutali, kugona anthu asanu chipinda chimodzi. Anamuitana Mal-sun kuti apite nawo. Akanapita, mwamuna wake akanadwazikidwa ndi ndani, mwana ali kusukulu ku Busan? Anapita kubanki. Thumba la amantha lija linali litatsika, inde, koma pang'ono. Ankagulitsako mwezi ndi mwezi, ndipo sanachoke pakhomo. Ankamuphikira mwamuna wake phala la nkhono zam'nyanja, ankamumeta, ankamukalipira akabisa mankhwala. Miyezi makumi awiri ndi umodzi. Gil-su anamwalira dzanja lake lili m'manja a zipsera a mkazi wake.

Pano sitima zinadzukanso, ndipo thumba la Ok-ja lapitirira pamene linali kale. Ok-ja sabisa.

"Mukanagula thumba lathu n'kupirira, asisi, bwenzi muli bwana."

"Iwe unali ndi nthawi yodikira," amayankha Mal-sun. "Ine ndinali ndi wodwala."

Nthawi yolambula manda chisanafike chikondwerero cha zokolola cha Chuseok, Mal-sun amakwera phiri m'mawa ndi chikwakwa, Hye-rim atanyamula mapeyala ndi botolo la mowa wa soju. Chaka chino atamweta udzu anathira mowawo pamanda. Mayi amene sanapepesepo munthu chibadwire anagwada pansi.

"Bambo a Hye-rim, zikomo. Munali kunena zoona. Ndinkadziwa kalekale, kungoti ndinkaopa kuti mungadzimve."

Hye-rim anayamba kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira.

"Amayi, miyezi yonse ija munalephera kuwauza?"

"Ndinkati ndiwauza akachira."