Anandithandiza mpaka galimoto inagona masiku atatu

"Kodi vizinya, amuna anu anamwalira ife osamva?"

Anandifunsa choncho ndi Dona Felista, amene timagawana nawo mpanda kuno ku Chingodzi. Linali Loweruka m'mawa, dzuwa lisanayambe kuluma, ndipo anandipeza nditakhala pansi pambali pa galimoto yanga, tayala lili apo, manja ali bii.

Ndinawayankha kuti bambo a Lusiya ali moyo ndithu, ali ku Beira ndi chilole cha kuntchito, abwera mwezi ukatha.

"Nanga chikukuzunzani chonchi n'chiyani? Amuna atha m'bairo muno?"

Ndinangoseka. Ndikanadziwa, ndikanatseka chipata.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ine ndimadyera madzi oundana, jelu. Ndili ndi mafiriji awiri m'nyumba. M'mamawa uliwonse ndimalongedza jelu m'kagalimoto kanga kokalamba, kuwoloka mlatho, kukapereka kwa azimayi asanu ndi awiri ogulitsa nsomba za pende ku Canongola. Kutentha kwa Tete sindichita kukuuzani. Nsomba yopanda jelu ikafika dezi ora, teni koloko m'mawa, imakhala itayamba kale kulankhula. Azimayi amenewa sandikonda chifukwa cha nkhope. Amandisunga chifukwa ndimafika tsiku lililonse, ngakhale Lamulungu.

Sabata yonse mabuleki anali akulira. Ndikaponda pamzere wa pamlatho, anthu oyenda pansi ankatembenuka. Lachisanu ndinagula zitsulo zatsopano, ndinati Loweruka ndikabwerako kumsika ndizisintha, Lamulungu ndidzuke ndili pamsewu.

Ntchito yake si yamatsenga. Malemu bambo anga anaphunzira umakaniko ku Dedza nthawi ya nkhondo, ndipo atabwerera kuno anabereka ana aakazi okhaokha. Analibe wosankha, anatiphunzitsa ifeyo.

Kutsogolo n'kosavuta. Umatchinga matayala ndi miyala, kukweza ndi jeke, n'kuikapo chitsa cholimba, chifukwa jeke si m'bale wako. Ukachotsa tayala umaona chimbale chachitsulo ndi chibwano chochiluma. Mabawuti awiri, chibwano chatuluka. Umachimangirira m'mwamba ndi waya kuti chisalendewere pa kapaipi ka mafuta. M'katimo muli tizidutswa tiwiri togwira chimbale, timati makaliso. Anga anali atatha ngati sopo wa kumapeto kwa mwezi. Umakankha pisitoni kuti ibwerere pang'onopang'ono, kulowetsa atsopano, kumanga, kenako kupopa buleki ndi phazi mpaka ilimbe. Mbali zonse ziwiri ndinamaliza Dona Felista asanamalize kuchapa.

Kumbuyo ndiye kumafuna mtima. Kuli ngati mphika wachitsulo wovundikira. Ukauvundukula umapeza mabalata awiri opindika ngati mwezi watsopano, timawaya topotana timene timati mola, kachitsulo ka manomano kosinthira, ndi chingwe cha buleki ya pamanja. Kalikonse kali ndi kabowo kake, ndipo ka kumanzere sikagwira kumanja ngakhale timaoneka ngati mapasa.

Bambo anali ndi lamulo limodzi. "Vundukula mbali zonse, koma masula imodzi. Inayo ndiye mphunzitsi wako. Ukaiwala, umazungulira galimoto kukamufunsa."

Ndinachita momwemo. Ndinamasula kumanzere, n'kuyala tizitsulo pakapulana, chitenje changa, monga momwe tinakhalira m'kati. Kumanja ndinangovundukula, osakhudza. Apo Lusiya anadzuka n'kuyamba kulira. Ali ndi miyezi isanu ndi itatu, mano akumera, ndipo poyamwa sathamangitsidwa. Ndinasamba m'manja kawiri, ndinalowa m'nyumba.

Ndili m'katimo ndinkamva mawu a amuna panja. Ndinkayesa ndi odutsa.

Potuluka ndinapeza amuna anayi pabwalo panga. Dona Felista anali atapita pamtengo wa msawu paja amuna amasewerera bawo, kukawauza kuti n'zamanyazi mkazi kugona pansi pa galimoto amuna akudya nthanga za bawo. Wotsogolera anali Tiyu Zakariya, mlonda wopuma pantchito, amene chiyambire sanayendetsepo ngakhale njinga yamoto. Wachiwiri wake anali Sinyoro Bento wa pabaraka, kagolosale ka m'dera lathu.

"Pumulani, mwana wanga, pumulani," anatero Tiyu Zakariya, thukuta lili chuchuchu. "Mukanachedwa nazo mpaka madzulo izi. Tamasula kale."

"Mwamasula mbali iti, tiyu?"

"Zonse. Ntchito ya amuna imayenda kamodzi."

Ndinazungulira galimoto. Mphunzitsi wanga anali mbulanda, patangotsala chitsulo chopanda kanthu. Kapulana yanga anali ataikutumula n'kuipinda bwinobwino, akuti ingade. Tizitsulo tonse, ta kumanzere ndi ta kumanja, takale ndi tatsopano, tinali m'beseni losambitsira mwana.

Ndinatola mola imodzi. "Nanga iyi imakola pati, tiyu?"

Anayang'ana Sinyoro Bento. Sinyoro Bento anayang'ana beseni.

"Epa, mana, mlongo wanga, zimenezo zimadziwika zokha pobwezera."

Sizinadziwike. Ena mudzati bwanji sunajambule pafoni usanamasule. Foni yanga ndi ya mabatani, ndipo sindinkasowa chithunzi pamene chenichenicho chinali kuseri kwa galimoto. Ena mudzati bwanji sunakumbukire. Ntchito imeneyi ndimaigwira kamodzi pa zaka ziwiri. Inu mukukumbukira mmene munapindira chitenje chaka chatha?

Ndinapempha kuti andisiyire beseni ndiyese ndekha mwakachetechete. Anakana mwaulemu wonse. Sangasiye ntchito pakati, anthu angawaone bwanji? Maola awiri anakhala akukangana, wina akuti mola yaitali ndi ya pamwamba, wina akuti ya pansi, wina akuti kwa abwana ake akale galimoto inalibe zimenezi. Mola imodzi inawapulumuka, inauluka kudutsa mpanda, ndipo mpaka lero ili mumchenga wa Chingodzi. Mabalata anga atsopano anawakoloweka mwamtundu wina, opanda chowagwira.

Kenako ndinamva chitseko cha galimoto chikutseguka. Sinyoro Bento analowa kuti ayese.

"Musaponde!"

Anali ataponda kale. Buleki siipondedwa mphika uli wovundukula, chifukwa tipisitoni ta m'katimo timasowa chotiletsa. Tinatumphuka mbali zonse ziwiri, mafuta a buleki n'kukhuthukira pa mabalata atsopano. Balata likamwa mafuta latha ntchito, ngakhale ulichape ndi madzi a Zambezi yense.

Sinyoro Bento anatuluka, anawerama, anayang'ana mafuta akudontha, n'kugwedeza mutu ngati dokotala.

"Mwaona, mana? Inali yowola kale iyi. Mwayi wanu kuti tabwera. Ikanakupherani pamlatho."

Mukuganiza kuti ndinawakalipira? Ndinakulira kuti? Dona Felista anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Anthu avutikatu awa, vizinya. Musawabweze chimanjamanja." Ndinapha nkhuku. Ndinaphika mpunga, mwana ali kumsana. Anadya pansi pa mthunzi wa galimoto yanga yakufayo, Tiyu Zakariya akufotokoza kuti magalimoto a masiku ano ndi mapepala. Pochoka ndinawomba m'manja, ndinathokoza kuti tatenda.

Ndiye ndafuna tikambirane za chithandizo chimenechi, chifukwa chadzaza m'mabairo mwathu ngati fumbi la malasha.

Pali munthu wothandiza, ndipo pali munthu wosapirira kuona mnzake akugwira ntchito mwakachetechete. Awiriwa amavala malaya ofanana. Kusiyana kwawo n'kumodzi: woyambayo amafunsa. "Ndigwire pati?" Mawu awiri okha. Sagulidwa, satopetsa, sachotsa ndevu pachibwano. Koma kwa amuna ena kufunsa mkazi kuti ndigwire pati n'chimodzimodzi kuvula pamsika.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Anaiwala kutiuza kuti masiku ano safunsa amadya nkhuku, phula amadya mwini galimoto.

Taganizani. Amuna anayi aja akanapeza makaniko wa ovolosi atasiya zitsulo pansi n'kupita kukamwa madzi, akanazikhudza? Akanaima patali, manja kumbuyo, n'kumati mesitiri akudziwa chimene akuchita. Akanapeza bambo a Lusiya, akanakhala pachitsa n'kumawauza nkhani za mpira. Koma anapeza kapulana, ndiye anati apa palibe mwini. Tizitsulo toyalidwa mwandondomeko sanatione ngati nzeru ya munthu. Anationa ngati chisokonezo cha mzimayi chofunika kusesa.

Ndipo musaganize kuti ndikunena amuna okha. Amene anakawatenga pamsawu ndi mkazi mnzanga. Sitimapirira ifenso. Kuchipatala, mwana wako akalira pamzere, pamapezeka mayi wina wom'patsa chakumwa cha m'botolo lake asanakufunse kuti akudwala chiyani. Ukayanika chimanga n'kuchoka pang'ono, wina wakuolera kale pamodzi ndi chonyowa, akuti kunali mtambo. Ukadandaula, ndiwe wosayamika. Bairo yonse imva kuti mkazi wa uje ndi wodzimva, anthu amamuthandiza iye n'kumatukula mphuno.

Pamenepo ndiye pali msampha. Wakuba ukhoza kumukuwira. Wokuwonongera mwachifundo umamuphikira.

Amati mutu umodzi susenza denga. Zoona. Koma denga limasenzedwa pali mmodzi wonena kuti kwezani, tsitsani, khoterani kuno. Mitu inayi yosamva mwini nyumba imagwetsa denga, kenako n'kunena kuti nsichi zinali zofumbwa.

Chimene chimandinyansa kwambiri si umbuli. Umbuli tonse tili nawo. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo waya wa magetsi a galimoto sindimukhudza chifukwa ndikudziwa kuti sindimudziwa. Chonyansa ndi umbuli wothamanga, wopinda malaya, umene ukaona chinthu chomangidwa manja amayabwa. Kumasula aliyense amatha. Ngakhale Lusiya wanga amamasula chitenje changa. Funso ndi lakuti, ubwezera?

Lamulungu masitolo a zitsulo anali otseka. Ndinayesa kutumiza jelu pa tshopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu. Maulendo awiri, dzuwa lija, mzere wa pamlatho uja, theka linafika lili madzi, ndipo phindu lonse linatsala kwa woyendetsa. Lolemba ndinaitana makaniko weniweni, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Anayang'ana m'beseni nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti, "Munali ndi maliro pano?" Mabalata ena anapezeka tsiku lomwelo, koma timphira ta mapisitoni ndi mola yotayika ija zinapezeka Lachiwiri madzulo. Anamanga kumanja ine ndikuonerera. Kumanzere ndinamanga ndekha, ndikuzungulira galimoto kukafunsa.

Masiku onsewo amuna aja ankadutsa pachipata popita kubawo. "Yadzuka, mwana wanga?" Ndikati ayi, ankagwedeza mutu. "Tinanena ife. Yowola."

Lachitatu m'mamawa ndinafika ku Canongola, mabuleki ali zii, jelu ali gwa. Ndinapeza mabeseni a Mayi Joakina, wamkulu wa azimayi a nsomba aja, ali odzaza kale ndi jelu wa munthu wina.

"Mana Joakina, ndabwera."

Sanakweze maso msanga. Ankapala pende.

"Ndakuona, make Lusiya. Pepa. Lolemba ndinataya beseni lathunthu, mpaka agalu ankalizemba. Anabwera bambo wina wa ku Degue ndi kagalimoto kake ka bakiye, anati atipatsa tsiku lililonse tikamulonjeza kuti sitisintha. Talonjeza."

"Galimoto inali itawonongeka, mana."

"Ndinamva. Akuti unaimasula wekha n'kulephera kubwezera, amuna a kwanu n'kuvutika nayo tsiku lonse." Anandiyang'ana mwachisoni chenicheni. "Iwenso, zitsulo uzisiyira eni ake."

Ndinatsitsa jelu kwa atatu amene anandidikira, wotsalayo ndinabwerera naye akudontha kumbuyo mpaka ku Chingodzi.

Masiku atatu a ntchito. Mabalata atsopano amene sanagwirepo ngakhale kamodzi. Mola imodzi, botolo la mafuta a buleki, nkhuku yoikira mazira. Azimayi anayi mwa asanu ndi awiri.