Wotsata Magazi a Nguluwe

A Gordon Munthali sanagwirepo mfuti, koma m'mudzi mwathu muno m'chigwa cha Henga palibe nguluwe imene inadyedwa iwo osaikhetsera thukuta. Ntchito yawo inali yotsata magazi. Nyama ikalasidwa n'kuthawa, iwo ankasiya khasu pamzere, kutenga mkondo n'kulowa m'bango la mumtsinje.

Mfuti m'mudzi monse inali imodzi, ya a Willie Mhango, amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki kuboma. Nguluwe zikavuta m'chimanga, anthu ankadalira iyoyo. Koma pa zaka zonse zimene ndakhala kuno, ndinamvapo kamodzi kokha kuti nyama yagwera pomwe a Mhango aiwombera. Zina zonse zinkathawa ndi chipolopolo m'thako kapena m'mimba. Anthu ankaseka kuti nguluwe ikaona a Mhango imapitiriza kudya, yothawa imakhala mbuzi ya pafupi.

Alenje a kwathu kuno amati nyama ndi ya amene wayamba kuitulutsa magazi. Woitsata, ngakhale aimalize ndi mkondo wake, amalandira khosi basi. Motero miyendo ndi nthiti zinkapita kwa a Mhango, khosi kwa a Munthali.

Tsiku lina a Munthali akundikhomera mpini wa khasu, umene anakana kuti ndilipire, anandifotokozera mmene magazi amawerengedwera. Ofiira, athovu, ndi a m'mapapo, ndiye kuti nyama yafera pafupi. Akuda, onunkha zam'mimba, ndiye kuti ili moyo, yabisala, ndipo ikudikira woyamba kudutsa. Akazi awo, NyaKumwenda, amene ankasenda nyemba pambali, anawafunsa kuti akudziphera chiyani khosi lopanda mnofu. Iwo anayankha kuti njira ya kumadimba imadutsa m'bango momwemo, ndipo oyendamo ndi azimayi.

M'mwezi wa Epulo chaka chatha, chimanga chikuuma, mfuti inalira dzuwa litangotuluka. A Mhango anafika kwa a Munthali ali wefuwefu, akuti nguluwe ailasa pamtima penipeni. Atafika kumunda, a Munthali anatola tsamba la chimanga n'kulinunkhiza.

"Adada, apa mwailasa m'mimba."

"Ine ndinalunjika bwinobwino, a Munthali. Nyamayo ndiyo inatembenuka."

A Munthali anafuna kudikira mpaka masana kuti nguluweyo ifooke. Koma azimayi ena anali atatsetsereka kale ndi makheni awo othirira, ndipo panalibe njira yowabwezera. A Munthali analowa m'bango. A Mhango anatsala kunja ndi mfuti, akuti atseke potulukira.

Nguluwe inawadzera a Munthali cham'mbali. Inawang'amba mwendo wakumanzere kuyambira pa kakolo kufika pa bondo, ndipo anaipha ali chogona, mkondo atautsamiritsa pansi. Oyamba kufika anali azimayi anayi a kumadimba, ine mmodzi wa iwo. Tinamanga mwendowo ndi mpango, kuwagoneka pa zitenje ziwiri n'kuwanyamula mpaka kumsewu. Tikukwera chitunda tinapambana ndi azibambo akutsika. Anatipepesa chomene, ena anafunsa ngati tithe, kenaka anapitirira kukadula mtengo wonyamulira nyama.

Kuchipatala cha Rumphi anawatumiza ku Mzuzu. Matope a m'bango ndi dovu la nguluwe zinali zitalowa mkati, chilonda chinavunda, ndipo pa sabata yachitatu anawadula mwendo pansi pa bondo. NyaKumwenda anakhala komweko masabata asanu ndi awiri, kuphika, kuchapa, kuwatembenuza pabedi. Chimanga chawo tinakolola ife amayi a umanyano wa kutchalitchi titamaliza chathu, china chiswe chitayamba kale kuchidya.

Khosi linabwera tsiku lomwe la ngozilo, m'mbale yovindikira bwino. Pakhomo panalibe munthu, ndiye ndinalandira ine, kuliwamba n'kulisunga. NyaKumwenda atabwerako ndinawapatsa ndikuganiza kuti aliponyera agalu. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuthokoza kuti yewo. Analiphika madzulo omwewo, chifukwa m'nyumbamo munalibe ndiwo zina.

Masiku ano a Munthali amakhala pakhonde n'kumasema mipini ndi mithiko. Munda ndi dimba zonse zili pamutu pa akazi awo.

Mwezi watha mfuti inaliranso m'mawa. Patapita kanthawi a Mhango anatulukira, tsamba lili m'manja, chipewa atavula. A Munthali analiyandikiza kumphuno n'kulibweza.

"M'mimba, adada."

"Nanga titani?"

"Mkondo uli kuseri kwa chitseko. Ndi wakuthwa."

A Mhango anati apita akaitane anyamata. Sanabwerenso, ndipo m'bango simunalowe munthu. Kwa masiku asanu ndi anayi tinkazungulira njira ya kumlatho popita kumadimba, ulendo wa ola lathunthu, makheni ali m'manja. NyaKumwenda ankauyenda kawiri pa tsiku, chifukwa tomato wawo anali atangowokedwa kumene. Tsiku lakhumi fungo ndilo linatiuza kuti nguluwe yafa. Tinabwerera njira yakale titatseka mphuno ndi zitenje.