Loko wa patenti ndi mwala wa ku Soche

Lolemba lapitali ndinapita ku Zingwangwa kukazonda Pilirani, mwana wa achemwali anga. Ndinamupeza pakhonde, laputopu yake ataikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Moni anandipatsa ndithu, koma maso sanachoke pa laputopupo. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene wafika pachipatala n'kupeza pazenera la mankhwala atseka.

Ndiyambe ndakuuzani za mwanayu. Mayi ake, achemwali anga a Esinala, ankakhala m'munsi mwa phiri la Soche. Chaka chija matope ndi miyala zinatsika m'phirimo, iwo anali m'nyumba. Ambiri a inu mukukumbukira, ndiye sindibwereza. Ife tinachita mwayi poti thupi tinalipeza. Nthawi imeneyo Pilirani anali ku koleji, akuphunzira za makompyuta.

Za tsikulo sakonda kukamba. Koma kuyambira pamenepo, chilimwe chikafika amakwera phiri lija ndi foni yake n'kumajambula miyala, ming'alu ndi zigwembe. Amayesetsa kuima pamalo omwe anaima chaka chatha. Cholinga chake n'choti aziyerekeza zithunzi zakale ndi zatsopano, aone mwala umene wasuntha ndi chigwembe chimene chakula.

Ndi maso okha ntchitoyi ndi yovuta. Chithunzi china anajambula kuli utsi wa moto wa m'tchire, china dzuwa lili paliwombo, china anali atasendera pafupi pang'ono. Ndiye amafuna kompyuta imuthandize.

Momwe anandifotokozera, ine wosadziwa, zili chonchi. Kompyuta imafufuza timalo todziwika bwino pachithunzi: nsonga ya mwala, chitsa, kona ya denga la malata. Ikatero imakasaka timalo tomweto pa chithunzi chinacho, n'kusanjikiza ziwirizo bwinobwino. Chimene chasuntha chimaonekera chokha. Njira zochitira zimenezi anthu anazipeka kale, ndipo zimapezeka mu nkhokwe ina yaulere ya pa intaneti, momwe olemba mapulogalamu amatapamo zida zogwirira ntchito ndi zithunzi. Pilirani anali nayo nkhokweyo, anachita kukopera pa fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta, kuchokera kwa mnzake wa ku koleji.

Tsono atalemba kuti kompyuta igwiritse ntchito chida chimene ankafuna, inakana. Anayesa chinzake chofanana nacho, inakananso. Inangotulutsa mawu a Chingerezi onena kuti njira imeneyi ili ndi patenti, choncho sinaikidwemo, ndipo woifuna atsegule yekha n'kumanganso nkhokwe yonse.

"Amalume, chidacho chilipo," anatero, "koma anachikhoma."

Ndinafunsa kuti wakhoma ndani. Anati patenti ndi chiphaso chimene munthu wopeka luso amatenga kuti ena asapindule nalo popanda chilolezo chake. Eni ake a njira ziwirizi ali kutsidya kwa nyanja, ndipo amene amasamala nkhokwe ija anaopa milandu, n'kungozichotsa pa zida zopezeka mosavuta. Wofuna kuphunzira nazo atha kuzitsegula, koma ndi thukuta lake.

Mwina mukuti, nanga changu chinali cha chiyani, si akanangotsegula pang'onopang'ono? Changu chinalipo. Lachitatu kunkabwera anthu a bungwe lina lothandiza mabanja kusamuka m'malo oopsa. Ankadzakumana ndi anthu okhala m'munsi mwa phiri kuti agwirizane nyumba zoyamba kusamutsidwa, poti onse nthawi imodzi sizingatheke. Pilirani ankakayikira mwala wina waukulu umene uli pamwamba pa nyumba za mayi Nankhoma ndi anansi awo. Mayi Nankhoma ndi amene ankagulitsa tomato limodzi ndi malemu achemwali anga, ndipo pamaliro ndi iwo anasambitsa thupi. Pano akulera zidzukulu m'nyumba yomweyo.

Kutsegula chida chokhomedwacho pakamwa n'kosavuta. Umakatenga zidutswa zonse za nkhokweyo pa intaneti, umasintha mzere umodzi kuti uvomereze zida za patenti, kenako umaisiya kompyuta kuti imange zonse kuyambira pamaziko. Kwa munthu wa makina amphamvu ndi magetsi osathima, akuti ndi nkhani yongodikira pang'ono uku akumwa tiyi.

Kwa Pilirani sizinatero. Bandulo ya intaneti inatha zidutswa zisanatsike zonse. Titagula ina, zinatsika, kumanga kunayamba, laputopu n'kumalira ngati chigayo. Batire yake inafa kalekale, moti magetsi akangophethira nayonso imazima. Ndipo anathimadi, zinthu zili pakati. Atayaka anapeza zina zasokonezeka, n'kuyambiranso.

Lachiwiri ndinamuuza kuti tipite kwathu ku Chilomoni, mwina laini yathu ya magetsi ichita chifundo. Tinakwera minibasi, iye atafungatira laputopu ngati khanda. Kwathu magetsi analipo mpaka masana, kenako nawonso anapita. Atayakanso, podikira kuti kumanga kuthe, anayesa chida china chopanda patenti chimene chinali chotsegula. Pa zithunzi zowala chinkayesetsa, koma pa zija za utsi chinkasokonezeka, mpaka kufananitsa mwala ndi denga la chimbudzi. Anati akaonetsa anthu zimenezo amuseka, ndipo akhoza.

Lachitatu ndinamuperekeza ku msonkhano uja, umene unachitikira m'tchalitchi china m'deralo. Anthu anadzaza, ena ataima m'mawindo. Itafika nthawi ya mafunso Pilirani anaimirira n'kupereka foni yake kwa bambo amene ankatsogolera alendowo. Anawaonetsa chithunzi cha chaka chatha ndi cha chaka chino.

Bambowo sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Anayang'anitsitsa, kukulitsa chithunzi ndi zala, kubwerera pa choyamba. Kenako anabweza foni mwaulemu n'kunena kuti iwo kusiyana sakukuona, ndipo sangasinthe zimene akatswiri awo anaona chifukwa cha zithunzi ziwiri za pafoni. Anamupatsa nambala yawo kuti akapeza chogwirika awatumizire. Nyumba zoyamba kusamuka zinasankhidwa za mbali ina ya phiri, kumenenso kuli koopsa ndithu. Za mbali ya mayi Nankhoma anati adzaziona mvula ikatha.

Titatuluka, mayi Nankhoma anamugwira dzanja Pilirani.

"Mwanangu, usadzivute," anatero. "Mwala umenewo timagona nawo tsiku lililonse. Ukadzafuna kubwera tidzaumva."

Pilirani akudziwa, ngati mmene ndikudziwira ine, kuti mayi ake sanamve kanthu.

Lachinayi masana kumanga kuja kunatha. Ndinali pomwepo. Pilirani analowetsa zithunzi ziwiri zija, ndipo kompyuta inazisanjikiza mosavuta. Mitengo inagwirizana, miyala ina yonse inagwirizana, koma mwala uja unaoneka pawiri, ngati wapendekera kutsogolo, ndipo mpata wa pansi pake unali utakula. Iye mwini anandichenjeza kuti zimenezi sizikutanthauza kuti mwalawo ugwa chaka chino, pafunika odziwa za nthaka akaone. Komabe chinali chinthu choti munthu akadachiona m'tchalitchi muja akadaima kaye n'kuganiza. Anatumiza kwa bambo aja. Pamene ndikulemba pano yankho silinabwere.

Chimene chinandithyola mafupa chinabwera pambuyo pake. Lolemba lija Pilirani anali atafunsa za vutoli pa gulu lawo la pafoni la ophunzira ndi ogwira ntchito za makompyuta. Ambiri anawerenga, palibe anayankha, kupatula mmodzi amene anamuuza kuti akafufuze yekha pa intaneti. Zimene anapezako zinali malangizo akale, onse onena za kumanganso nkhokwe. Ndiye Lachinayi lomwelo, atalemba pagulupo kuti zatheka, wina anatulukira n'kumufunsa kuti wavutikiranji chonchi. Akuti patenti ya chimodzi mwa zida ziwirizo inatha zaka zapitazo, ndipo mu nkhokwe yatsopano chida chimenecho chili poyera. Pilirani anali ndi nkhokwe yakale ya pa fulashi ija. Akadangotsitsa yatsopano, Lolemba lomwelo akadamaliza.

Anawerenga uthengawo kawiri, n'kuika foni pansi, n'kupita kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Ndakhala ndikuganiza kuti mkwiyo wangawu ndiutule pa ndani.

Pa wopeka luso uja? Ayi, sindingathe. Munthu anakhala pansi zaka, kuswa mutu, n'kutulukira njira yoti makina aziona. Akuyenera kudya thukuta lake. Ngakhale ine ndimalusa wina akatenga ndemanga yanga n'kuikapo dzina lake.

Pa osamala nkhokwe aja? Iwo amagawa ntchito yawo mwaulere, ndipo anangodziteteza ku makhoti. Komanso loko atatha mphamvu anamuchotsa.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sichikundichoka. Ndinafunsa mnzanga wina amene anaphunzira za malamulo ngati patenti zoterezi zimafika kuno kwathu. Anati patenti imagwira ntchito m'mayiko amene inalembetsedwa, ndipo sangandiuze za iyiyi asanafufuze. Ndiye n'kutheka kuti mwana uja anatha masiku anayi akulimbana ndi mpanda womangidwira munda wa kudziko lina. Loko ndi mmodzi dziko lonse lapansi, koma kulemera kwake n'kosiyana. Kwina amamutsegula pa nthawi ya tiyi. Kuno kumutsegula kumafuna magetsi amene sitili nawo, intaneti yodula ngati nyama, ndi laputopu yokhala pa njerwa. Wokhoma uja sanaganize za Zingwangwa, ndipo sindikumuimba mlandu, poti mwina sadziwa n'komwe kuti kuli malo otere.

Amene akudziwa kuti Zingwangwa iliko ndife. Ndipo apa ndi pamene pakundipweteka kwambiri.

Pa gulu lija panali anthu odziwa yankho kuyambira Lolemba. Anaona funso, anadutsa. Chifukwa chiyani? Ena mwina anatanganidwa. Koma tisanamizane, ife tili ndi matenda obisa nzeru. Patenti ya azungu imalembedwa, aliyense atha kuiwerenga, ndipo imakhala ndi tsiku lothera. Yathu sitilemba, ndipo simatha mpaka mwini wake alowe m'manda.

Ndili wachinyamata ndinagwirako ntchito pa galaja ina ku Chirimba. Mwini wake anali katswiri wa mainjini, anthu ankachokera kutali kumutsata. Koma ikafika mbali yovuta ya ntchito, tonse ankatipezera chochita panja. Ankati akatiphunzitsa zonse tidzamulanda makasitomala. Anamwalira mwadzidzidzi, ndipo galaja ija inatsekedwa chaka chisanathe, poti panalibe wodziwa chimene iye ankadziwa. Lero pamalopo akugulitsapo makala.

Zomwezo zili m'maofesi athu, momwe munthu amabisa kachitidwe ka ntchito kuti akapita kutchuthi amusowe. Zili m'makoleji, momwe wophunzira akapeza buku labwino amalibisa kwa anzake mpaka mayeso adutse. Tsopano zalowa m'mafoni. Tili ndi achinyamata ambiri odziwa makompyuta m'matauni muno, koma ndi angati amene anakhalapo pansi n'kulemba m'chilankhulo chathu, mwachidule, kuti ukakumana ndi vuto lakuti uchite chakuti? Timadikira wina agwe kaye, kuti tidzamufunse chifukwa chake sanaone dzenje.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwana uja anafunsa. Phula anadyabe.

Wina anena kuti ndikukulitsa nkhani, kuti ngakhale akadaonetsa chithunzicho mwina alendo aja sakadasintha maganizo. N'zoona, sindikudziwa. Mwinanso mwala uja ukhala pomwepo zaka zina zambiri, ine n'kudzachita manyazi ndi ndemanga inoyi. Manyazi amenewo ndingawalandire ndi manja awiri.

Dzulo madzulo kunagwa mvula yoyamba, yongothirira fumbi. Ana a kwathu kuno anatuluka kukavina panja. Foni yanga inalira, anali Pilirani. Sananene za laputopu kapena za patenti. Anangofunsa ngati m'nyumba mwanga mungapezeke malo a mayi mmodzi ndi zidzukulu zake mvula ikalimba. Ndinati apezeka, ngakhale sindikudziwa ngati mayi Nankhoma angalole kusiya nyumba yawo, ndipo anansi awo sindingawasunge onse.

Tsono inu amene munali pagulu paja, ndi inu nonse amene muli ndi kanzeru kena mwakapanira m'khwapa, ndikufunseni. Loko wa kutsidya kwa nyanja uja anali ndi tsiku lothera, ndipo linafika. Wanuyo adzatha liti, ndipo pofika tsikulo pansi pa phiri padzakhala patatsala ndani?