Pamene Amayi Sanazirepo

Dzulo mdzukulu wanga anawaza madzi pabwalo kuti asese, ndipo fungo la dothi lonyowa linandibwezera kwathu ku Champiti, nthawi ya atsamunda.

Tikutsekera sukulu ya mishoni chilimwe chimenecho, aphunzitsi anati aliyense adzabwere atapeka chake, kaya nthano, kaya nyimbo, kaya sewero. Masileti ankatsala kusukulu, ndipo pepala kwathu kunalibe. Ine ndinatola khala n'kuyamba kulemba nyimbo pansi pakhonde, yonena za ng'ombe yathu yothyoka nyanga. Tsiku lililonse ndinkawonjezera mzere, nkhuku zikayandikira ndinkazigenda ngati zandilakwira.

Kenako tinamva kuti bambo ali m'njira kuchokera ku Joni. Amayi anakanda dothi lakuda n'kuyamba kuzira nyumba yonse, poti mwamuna wochokera kumigodi safikira pakhonde posazira. Pobwera kudambo ndinawapeza atagwada, dzanja lawo litatsala pang'ono kukhudza mzere woyamba. Nyimboyo ndinali ndisanailoweze.

"Amayi, musafafanize!" ndinalira, mtsuko udakali pamutu.

Azakhali anali chiimire pabwalo. "Zirani apo, alamu. Achimwene adzati zaka zonsezi munkatani?"

Amayi sankadziwa kuwerenga. Anayang'anitsitsa zolemba zangazo, kenako ananyika dzanja m'phale n'kuyamba kuzira molambalala, chala chikutsata m'mphepete mwa zilembo ngati akupalira mbande.

"Tula mtsukowo ukhale apa," anatero osadzutsa mutu. "Undiimbire pang'onopang'ono, ndidziwe chimene ndikusiyachi."