Msoti Umene Ndinaudutsitsa Pampanda

Mwezi wa Okotobala ku Wusakile unkanunkha utsi wa kumgodi umene unkakanda pakhosi, ndi chitosi cha nkhuku chikupsa ndi dzuwa kuseri kwa nyumba yathu. Chaka chimenecho ndinali giredi 4. Bambo anali kalaliki kumgodi, amayi ankaweta nkhuku zachikuda m'khola la waya ndi malata akale. Ntchito yanga inali kuthira gaga, kusintha madzi ndi kutola mazira ndisanapite kusukulu.

Panali msoti wina wofiira umene zinzake zinkaujompha mpaka pamutu panayera, ndipo ndinautcha Kadazi. Amayi anayesa kupachika masamba a kabichi pachingwe kuti nkhukuzo zizitanganidwa nawo, anachotsamo tambala wolusa, koma sizinasiye. Choncho ndinkaudyetsa pawokha pakhonde, gaga ali m'manja mwanga. Unazolowera. Ndikamachokera kusukulu unkandithamangira pageti, miyendo ili petepete pafumbi lotentha.

Kenaka kunamveka kuti chitopa chalowa mumsewu wakumtunda. Amayi anayamba kusinja tsabola n'kumathira m'madzi a nkhuku, ndipo anandipatsa lamulo limodzi. "Eneless, ukaona ina ikuwodzera undiuze pompo. Tiipha n'kuikwirira kuti zinzake zitsale."

Lachiwiri lina m'mawa ndinapeza Kadazi ali pakona, mapiko ali pansi, maso otseka, akupuma movutikira. Pambali pake panali chitosi chobiriwira. Ndinadziwa tanthauzo lake, ndinadziwanso pamene amayi ankasunga mpeni.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala bana Chanda, ndiye kuti amake Chanda, mayi wamasiye wachibemba amene ankadalira mazira a nkhuku zawo kuti adye. Zambiri zinali zofiira. Pansi pa mpandawo panali chibowo chimene agalu anakumba. Ndinamufungatira Kadazi, thupi lake likutentha pachifuwa panga, n'kumukankhira kutsidya. Ndinkati akabisala pakati pa zinzake zofiirazo, akachira, Loweruka ndikamutenga. Amayi atafunsa ndinati wagwidwa ndi kabawi, ndipo ndinalozadi kumwamba kumene analowera.

Sipanathe sabata. Ndinkasuzumira pampanda n'kumaona bana Chanda akukumba dzenje pafupi ndi mtengo wa mapeyala, chitenje atamanga m'chiuno, akunyamula nkhuku ziwiriziwiri chogwira miyendo. Bwalo lawo limene linkasokosa tsiku lonse linangoti zii. Posakhalitsa zathunso zinayamba kupinda makosi ndi kuzungulira pamalo amodzi. Bambo anakumba dzenje lathu atabwera kuntchito, asanavule ndi malaya omwe. Mwa nkhuku zathu zonse zinatsala zitatu.

Lamlungu masana, titangobwera kutchalitchi, bana Chanda anagogoda. Amayi anandituma mpando, koma mayiwo anaukana. Anagwada pasimenti ya khonde, mayi wamkulu waimvi, manja ataphatikiza, n'kuyamba kulankhula Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chibemba.

"Bana Eneless, mundikhululukire. Matenda ayambira kwanga. Ngakhale kamsoti kanu kadazi kaja kanalowa kwanga, kanatengera kwa zanga, ndakakwirira pamodzi. Ndakupherani nkhuku."

Ine ndinali chiimire, mpando uli m'manja. Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakwinye nkhope, anangondiyang'ana nthawi yokwanira kuti ndilankhule. Ndinaweramitsa mutu kuyang'ana nsapato zanga za kutchalitchi. Kenaka amayi anagwada nawonso n'kuwagwira manja mayiwo.

"Dzukani, mayi. Mlandu si wanu ngakhale pang'ono."

Anandiuza kuti ndiwaperekeze. Kuzungulira mpaka pageti lawo unali mtunda waufupi, koma bana Chanda anandigwira paphewa njira yonse, akundipepesa chifukwa ankadziwa kuti ndinkakakonda kamsotiko. Amayi sanandifunse za kabawi tsiku limenelo kapena lina lililonse. Mvula itagwa, thadzi lathu limodzi litaswa, anasankha anapiye asanu ndi mmodzi, anawaika m'katoni n'kundinyamulitsa ine kupita nawo kutsidya. Bana Chanda anandithokoza ngati ndachita chachikulu.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti ndinapha nkhuku za makola awiri ndi manja anga, ndipo chimenecho ndicho chinkandiopsa. Lero ndili ndi khola langa ku Garneton, ndimapereka katemera, ndipo ndikudziwa kuti chitopa chikanawoloka mpandawo ngakhale popanda ine, pansapato za munthu kapena pamapazi a mpheta. Msewu wonse unakwirira nkhuku chaka chimenecho. Za nkhukuzo ndinadzikhululukira kalekale. Koma bana Chanda anamwalira akukhulupirirabe kuti anatilakwira, ndipo ine ndinaima pakhonde paja, ndili ndi pakamwa, iwo akugwadira mlandu wanga.